Belu wa Kudoko ndi Chitseko Chachitsulo

Dzina loti Belu anamupatsa ndi bambo ake, ndipo silinali lomuyamikira. Mwanayo anabadwa ndi mawu. Akalira m'chipinda chawo cha pamwamba, anthu apansi ankadziwa kuti kwacha. Akaitana mnzake pawindo, agalu a msewu wina ankayankha. Mawuwo anatengera mayi ake, amene ankalongedza nsomba m'zitini pa fakitale ya kudoko, kumene makina amalira tsiku lonse ndipo munthu wolankhula mwaulemu amangooneka ngati akutafuna. Bambo ake ankayendetsa kireni yotsitsa katundu m'sitima, moti anzawo ankangowatcha a Kireni. Kunyumba dzina limenelo silinkamveka, kupatula mayi akapsa mtima.

M'dziko limenelo aliyense amalankhula Chingerezi, koma wina asakunamizeni kuti ndi chimodzi. Cha kumapiri chimayimba, chiganizo chilichonse chimathera m'mwamba, moti munthu akakuuza kuti kwagwa maliro umaganiza kuti akukufunsa. Cha mumzinda waukulu n'chosalala, chotulukira pa nsonga ya milomo, mawu aliwonse omalizidwa mpaka kumchira. Cha kudoko n'cholemera, chimachokera pachifuwa, chimakoka mawu pakati n'kuwadula mchira, chifukwa pa phokoso la makina palibe amene ali ndi nthawi yodikira kuti liwu lithe. Ndiponso si katchulidwe kokha. Kabuledi kozungulira kali ndi dzina lake mumzinda, kudoko lina, kumapiri linanso, ndipo onsewo amalumbira kuti lawo ndiye loona. Dzina limene kudoko amatchulira chakudya cha masana, mumzinda ndi la chakudya chamadzulo, ndipo alipo anyamata amene zibwenzi zinawathera chifukwa chofika mbale zitatsukidwa kale.

Belu anapita kumzinda waukulu atangomaliza sukulu, atanyamula sutikesi ya mayi ake ndi mawu ake onse. Ntchito anaipeza pa kampani yogulitsa mafiriji ndi masitovu, m'chipinda choyankhira mafoni a anthu odandaula. Tsiku loyamba anamupatsa pepala kuti awerenge mokweza moni wa kampani. Sanafike ndi pakati pomwe. Mtsikana wina kumbuyo anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka, ndipo mphunzitsi anafunsa mokoma mtima, kukoma mtima kumene kumapweteka kuposa mbama, ngati kwawo kuli pafupi ndi msika wa nsomba. Belu anaseka nawo. Madzulo ake analira m'basi mpaka kondakitala anamufunsa ngati kwagwa zovuta.

Wina akanabwerera kwawo. Koma makani m'banja limenelo anali a onse, bambo, mayi ndi mwana yemwe. Anagula kagalasi, n'kumaluma pensulo chopingasa pakamwa, akutsatira mayi wowerenga nkhani pa wailesi liwu ndi liwu. Anaphunzira kumaliza mchira wa mawu. Anasamutsa mawu ake kuchoka pachifuwa kupita pamilomo. Anaphunzira dzina la mumzinda la kabuledi, la juzi, la kanjira ka pakati pa nyumba, ndipo mayina akale anawavula limodzilimodzi ngati zovala zothina. Patapita zaka, kampani itafuna mawu oti iwajambule aziuza anthu kuti adikire pang'ono, foni yawo ndi yofunika, inasankha mawu a Belu. Kenako anamukweza kukhala wophunzitsa antchito atsopano.

Ndisakubisireni, pa ntchito imeneyo analibe chisoni. Mwana wa kumapiri akayimba chiganizo, ankamubwerezetsa mpaka nyimbo ithe. Koma wa kudoko ndiye ankaona zakuda. Akangotsegula pakamwa, Belu ankamva manyazi ngati amuvula pagulu, ndipo manyaziwo ankawabwezera pa mwana wa eni: pensulo pakamwa, galasi patsogolo, mpaka asalale kapena achoke. Pa ofesi palibe amene ankadziwa kwawo, ngakhale dzina loti Belu. Onse ankangoti Aphunzitsi.

Akapita kwawo patchuthi, bambo ake ankaimirira pakhomo, n'kuvula chipewa.

"Madamu afika," ankatero. "Wina awapukutire mpando."

Mayi ake analibe nthawi ya nthabwala. "M'nyumba muno uzitsegula pakamwa polankhula. Ngati ukusunga mano, unene tikupatse chitini."

Masiku amenewo Chingerezi cha kudoko chinkabwerera akangogona tulo kamodzi pa bedi lake lakale. Koma maulendo anayamba kutalikirana, poti kudoko ndi kutali, basi imanyamuka m'mawa n'kufika dzuwa litapendeka. Anakwatiwa ndi mwamuna wa mumzinda, wokonza mawotchi, munthu wofatsa amene ankakonda mawu ake osalalawo. Anabereka mwana wamkazi amene anakula akufunsa kuti, "Amama, agogo akuti chiyani?" Mayi ake atamwalira, panalibenso womuuza kuti atsegule pakamwa.

Bambo anatsala okha m'zipinda ziwiri zomwe zija, pa nsanjika yachitatu ya nyumba yakale. Kusamuka anakana. Maso anachita ng'ala, ndipo mutu unayamba kutaya zinthu: lero aiwala ngati adya, mawa avala jekete ya ntchito n'kumafunsa ngati sitima yafika. Anzawo akale ena anamwalira, ena anatengedwa ndi ana awo, ndipo nyumbayo inadzaza ndi anthu obwera. Woyandikana nawo anali telala, mayi wa kumapiri wa ana atatu, amene ankawabweretsera chakudya masana n'kuwachapira.

Chaka china kunabwera amuna awiri ovala mataye. Anayamba aimba foni, Chingerezi chawo chosalala bwino, kuti akubwera kudzaona mita ya magetsi. Ankadziwa dzina la malemu mayi, ankadziwa ndi nambala ya mita yomwe. Bambo anawatsegulira, kuwapatsa mipando, n'kupita kukawatenthetsera tiyi. Pobwera ndi makapu anapeza wailesi kulibe, wotchi kulibe, ndi bokosi la zithunzi za akazi awo lomwe, limene akubawo mwina ankaganiza kuti muli china.

Belu anafika mawa lake mtima uli m'mwamba. Anaitana wowotcherera zitsulo. Chitseko chathabwa chinachoka, pakhomo panaima chachitsulo, chokhala ndi loko wa kiyi ndi mpiringidzo wonenepa wa m'kati. M'mawindo monse anaikamo zitsulo. Atamaliza anakhazika bambo ake pansi, n'kuwagwira manja. Bambowo anasisita chala chake chaching'ono chopindika, chimene chinapanidwa ndi chitseko ali mwana, poti masiku amenewo ndi mmene ankamudziwira.

"Ababa, mundimvetsetse. Munthu aliyense wolankhula mosalala ngati wa pa wailesi, musamutsegulire. Akaimba foni, mungoti zikomo, sitikufuna chilichonse, n'kudula."

"Nanga akati ndi a boma?"

"Musatsegule."

"Akati watituma ndi mwana wanu?"

"Musatsegule. Ngakhale anene kuti ndi ine. Ngakhale akuwe kuti nyumba ikupsa. Anthu amenewa amanena chilichonse."

Anawabwerezetsa mmene ankachitira ndi ana a ku ofesi, mpaka bambowo anatha kunena okha osaphonya liwu. Belu anali mphunzitsi wabwino, zimenezo sitingamulande. Mkulu amene ankaiwala ngati wamwa mankhwala, lamulo limenelo analisunga.

Lamulungu lililonse masana Belu ankaimba foni. Ankafunsa za mwendo, za mankhwala, ngati telala akubwerabe. Bambo ankamvetsera pang'ono, n'kunena kuti, "Inde madamu. Zikomo madamu. Sitikufuna chilichonse," basi foni yadulidwa. Poyamba ankaseka, n'kuuza mwamuna wake kuti mkuluyo nthabwala yake ya madamu sidzatha. Kenako anayamba kuganiza kuti akumunyanyalira chifukwa chosapita pafupipafupi, ndipo nayenso ankanyanyala. Nkhani zenizeni ankazimva kwa telala.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Tsiku limenelo linali la pakati pa sabata, chakumasana. Chipinda cha mafoni chinali monga mwa masiku onse: mizera ya matebulo ogawidwa ndi matabwa, aliyense hedifoni kumutu, kagalasi patsogolo, kukhazika mitima ya anthu amene mafiriji awo asiya kuzizira. Mafoni a m'manja salowa m'chipindamo, amatsala m'timakabati ta pakhomo. Belu anali ataima kumbuyo kwa mtsikana watsopano pamene kapitawo anatuluka m'kachipinda kake ka magalasi. Ameneyu onse ankamutcha Khutu, chifukwa ntchito yake inali kumvetsera mafoni a anzake mobisa.

"Aphunzitsi, tandithandizani," anatero Khutu. "Pali mayi wa kumapiri pa foni, akungokuwa kuti akufuna Belu. Ndamuuza kuti kuno timagulitsa mafiriji, mabelu tilibe, koma sakumva."

Belu anakhala pa tebulo lopanda munthu, navala hedifoni.

"Achemwali, ndinu?" Anali telala. "Foni yanu ikungoitana. Ndaimba nambala ya pa kalendala ya kampani yanu ija, ndiye ndakhala ndikumva inu nomwe mukundiuza kuti ndidikire, foni yanga ndi yofunika. Kwabuka moto. Sitolo ya penti ndi matiresi ya pansi ija. Masitepe akutsogolo sakudutsika. Akumbuyo akadali bwino, koma utsi wayamba kukwera. Anthu onse atsika, kwatsala agogo."

"Kiyi muli nayo."

"Kiyi yatembenuka, koma aika mpiringidzo. Anyamata a m'sitolo anathamangira kuno, kumenya chitseko, kukuwa kuti moto, moto. Agogo akuti ndi zija munawauza zija. Akuti inenso akuba andigula."

"Ozimitsa moto ali kuti?"

"Tikuwamva, koma sakusendera. Malole a kudoko atseka msewu. Anyamata ayesa chitsekochi ndi chitsulo, sichikugwedera n'komwe. Munaika chitseko chabwino, achemwali."

Telala sananene zimenezo momunyoza, koma zinamulasa. Walira mvula walira matope. Belu anauza telala kuti asadule, anyowetse nsalu aphimbe mphuno, aime pafupi ndi chitseko. Khutu, amene tsopano nkhope inali itasintha, anadina mabatani kuti telala akhale ku khutu limodzi, foni ya bambo ku khutu linalo. Belu anaphonya nambala, n'kuyambiranso.

Foni inaitana. Kudzera kwa telala anaimva ikulira kuseri kwa chitseko.

"Halo."

"Bambo, masana abwino. Ndine mwana wanu. Ndikumvetsa kuti mwina muli ndi nkhawa, koma ndikupempheni kuti mundimvetsere modekha."

Zimenezo ndi zimene zinatuluka. Musamuweruze msanga. Munthu akachita mantha amagwira chimene manja anazolowera, ndipo Belu anali atatha theka la moyo wake akuphunzitsa kuti zinthu zikavuta pa foni, tsitsa mawu, lankhula pang'onopang'ono, onetsa kuti ukumvetsa.

"Inde madamu," anatero bambo. "Zikomo madamu. Sitikufuna chilichonse."

Foni inadulidwa. Mawu amenewo Belu anali atawamva Lamulungu lililonse, ndipo lero m'pamene anawamva bwinobwino. Munalibe nthabwala m'menemo, munalibe kunyanyala. Anali mawu amene iye mwini anawaphunzitsa, onenedwa kwa mlendo. Koma nthawi yolira panalibe.

Anaimbanso. Ulendo uno anathamangira umboni. Ananena za chala chopindika, za sutikesi ya mayi yofiirira, za tsiku limene bambo anamukweza mu kireni mobisa n'kumuonetsa denga la nyumba yawo. Ananena zonsezo mwachangu, koma liwu lililonse linkatuluka lomalizidwa mpaka kumchira.

"Mwafufuza bwino, madamu," anatero bambo, n'kutsokomola. "Ajanso ankadziwa dzina la mkazi wanga. Mwana wanga anandiuza kuti ngakhale anene kuti ndi iye. Ndipo auzeni anyamata anuwo aleke kutentha mapepala pakhomo panga. Ine ndaona moto wa sitima ya mafuta, sindiopa utsi wa nyuzipepala."

Anadulanso.

Belu anaimirira n'kuyang'ana chipinda chonse. Mitu inali itadzuka pamwamba pa matabwa, ena atasiya makasitomala akulankhula okha. Ankafuna munthu mmodzi, mmodzi yekha, amene akadali ndi Chingerezi cha kudoko pakamwa, woti anamizire kukhala mwana wa mnzawo wa bambo, wapadoko mnzawo. Ana a kudoko analipo m'chipindamo, ankawadziwa. Uyo wa pakona, uyo wa pafupi ndi windo. Onse anali atadutsa m'manja mwake, ndipo amene anakana kusalala anawachotsa yekha.

"Achemwali," anatero telala ku khutu lina, "magetsi azima. Pansi pakutentha kumapazi."

Belu anatseka maso. Anafufuza m'kamwa mwake Chingerezi cha kwawo mmene munthu amafufuzira kiyi m'chikwama. Anakumbukira malamulo ake, poti ankawadziwa bwino kuposa aliyense, anali atawalemba pa bolodi kambirimbiri monga zinthu zoyenera kupewa: koka pakati, dula mchira, tsitsira mawu pachifuwa. Anaimba kachitatu, n'kuchita zonsezo motsatana.

Zimene zinatuluka zinamuchititsa manyazi iye mwini. Sichinali Chingerezi cha kudoko. Chinali chija amachita anyamata a mumzinda pa phwando la kampani akafuna kuseketsa anzawo, kukoka mopitirira, kudula mosayenera. Ana a kudoko aja anaweramitsa mitu.

Bambo atalankhula, mawu awo anali a munthu wopwetekedwa.

"Tsopano mwayamba kundinyoza. Ndakhala padoko moyo wanga wonse, madamu. Munthu wa mumzinda akamatiyerekeza ndimamudziwa asanamalize moni. Kubako ibani, koma chipongwe chilekeni."

Anadula, ndipo Belu ataimbanso, foni inangoitana. Inaitana mpaka kudula yokha. Anaimbanso, chimodzimodzi. Ku khutu lina ankamva telala akumenya chitseko ndi chikhatho, akuitana agogo, agogo, Chingerezi chake chikukwera m'mwamba ngati funso ngakhale pa nthawi imeneyo. Kumbuyo kwake kunkamveka magalasi akusweka, ndi kulira kwa galimoto ya ozimitsa moto kumene sikunkayandikira.

"Achemwali, mundikhululukire," anatero telala akutsokomola. "Ndili ndi ana. Masitepe sindikuwaonanso bwino. Sindingakhale kuno nthawi yaitali."

"Ndikudziwa. Kamodzi kokha. Akapanda kutsegula, tsikani."

Anadina nambala. Foni inaitana nthawi yaitali, ndiyeno inanyamulidwa. Poyamba kunangomveka kupuma kolemera.

"Madamu, mwandivutitsa mokwanira," anatero bambo. Mawu anali atafowoka, akukokeka. "Mutu ukundipweteka. Ndikukagona pang'ono. Mwana wanga akabwera mulankhula naye."

Kukagona. Belu ankadziwa tanthauzo la munthu kugona mu utsi. Ndipo chimene chinamugwira pamenepo sichinali mantha, sichinali chisoni. Unali mkwiyo, wouma, wa m'banja mwawo. Anakwiyira mkulu wamakani amene anakana kusamuka, anakwiyira chitseko, anakwiyira pensulo, anadzikwiyira yekha. Sanaganize za kukoka kapena kudula. Anamenya tebulo ndi chibakera mpaka kagalasi kanagwa chafufumimba.

"A Kireni!"

Chipinda chonse chinadzidzimuka. Mawu amenewo anali asanamvekepo m'nyumba imeneyo. Anachokera pansi pa chifuwa, olemera, odulidwa michira, mawu oti angadutse phokoso la makina a fakitale.

"Mukagona pati? Tayesani kugona muone. Moyo wanu wonse mwanyamula zitsulo zolemera kuposa nyumba, lero kakukanikani kampiringidzo? Makutu amenewo ndi opachikirapo chipewa? Anthu akuyimirirani pakhomo ngati opempha, inu muli phee, mutu ngati chitsa. Mukufuna ndibwere ndekha? Ndikabwera ndekha mudziwanso. Dzukani. Dzanja pakhoma, mutsate khomalo mpaka pachitseko, mukoke chitsulocho, ndipo ndisamve liwu lina."

Sanasankhe mawu amenewo. Mpiringidzo anautchula ndi dzina la kudoko, khoma ndi dzina la kudoko, mayina amene ankaganiza kuti anawataya kalekale. Mawuwo anatuluka m'ndondomeko yake yomwe, mmene ankawamvera kwa mayi ake ali mwana atabisala kuseri kwa katani, bambo atabwera mochedwa.

Ku foni kunamveka mawu aang'ono, amanyazi, ngati a mnyamata.

"Amake Belu? Ndinu?"

Belu anatsegula pakamwa. Choonadi chinali pa lilime, ndipo anadziwa kuti choonadicho chikhoza kuwapha.

"Nanga mukuyesa ndani?" anatero. "Tsegulani."

Foni inagwera pa tebulo, osadulidwa. Anamva mpando ukukhwekhwerezeka, china chake chikugwa, mwina kapu. Anamva chikhatho chikukhula khoma. Phokosolo linachoka ku khutu lina n'kuyamba kumveka ku linalo, kudzera kwa telala, likuyandikira pang'onopang'ono kuseri kwa chitsulo. Linaima. Kunamveka kutsokomola kwautali. Belu anagwira m'mphepete mwa tebulo. Kenako mpiringidzo unalira, kulira kwa chitsulo chosadzozedwa mafuta.

"Atsegula," anatero telala. "Bwerani agogo, gwirani phewa langa. Weramani."

Zotsatira zinali phokoso lokhalokha. Telala anali ataponya foni m'thumba la epuloni, ndipo Belu ankangomva nsalu ikukhula, mapazi pa masitepe, kutsokomola, munthu wina akukuwa chapatali. Pena mapaziwo ankaima, ndipo mtima wake unkaima nawo. Khutu anali ataima pambali pake, hedifoni yake ili m'manja. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito, foni ya munthu anasiya kuimvetsera.

Phokoso linasintha, kunamveka mphepo ndi anthu ambiri.

"Tatuluka," anatero telala, akupuma movutika. "Ali pa benchi ya ometa tsitsi, awapatsa madzi. Ozimitsa moto afika tsopano, akuti awaone pachifuwa." Anatsitsa mawu. "Koma akuti akufuna alankhule ndi akazi awo. Ndiwauze chiyani?"

"Apatseni."

Panali kukhulana kwa manja, ndiye kupuma kuja.

"Amake Belu."

"Ndikumva."

"Musakwiye. Ndimatsata zimene anandiuza mwana. Anati ndisatsegule."

"Mwachita bwino. Imwani madziwo."

Zimenezo zinatulukabe zolemera, koma Belu anamva kuti zikupepuka. Mkwiyo unali ukuphwa, ndipo pamene unkaphwa, lilime linkabwerera pamalo pake pa masiku onse, kutsogolo, pafupi ndi milomo.

"Mwakhalitsa kumene munapitako," anatero bambo. "Nyumba yazizira. Ndiye mwana uja, kodi tinamulakwira chiyani? Chipitire kumzinda saimba n'komwe. Kuli mayi wina wa ku ofesi amene amandivutitsa Lamulungu lililonse, kufunsa za mwendo wanga, za mankhwala anga. Ndimangomudula, foni ingatanganidwe mwana akuyesa kuimba. Ndimakhala pafupi nayo tsiku lonse."

Misozi inatsika, kudontha pa tebulo la kampani. Belu anafuna kunena kuti Ababa, ndine, ndakhala ndili ine nthawi yonseyi. Anawakonza mawuwo m'kamwa, ndipo anawamva mmene akanatulukira: osalala, aulemu, omalizidwa mpaka kumchira. Akanangowatulutsa, bambo akanathokoza madamu n'kubweza foni kwa telala.

"Mukamuona mumuuze aziimba," anatero bambo. "Mumuuze kuti ndamusowa Belu wanga. Mwamva?"

Mayi ake akavomera chinthu sankawononga mawu. Ankangotulutsa kaphokoso kamodzi pakhosi, pakamwa pali chitsekere. Kameneko kokha ndi kamene Belu akanatha kuchita osalakwitsa.

"Mm," anatero.